Kalumikizidwe ka Zovala Zotenthetsa Thupi ku Magetsi a Sikuta

Munthu amene wayendapo pa njinga yamoto kwa ola lathunthu kunja kukuzizira kwambiri amadziwa mmene zala zimachitira: zimayamba kuwawa, kenako zimachita dzanzi, ndipo ikafika nthawi yogwira buleki mwadzidzidzi dzanja limachedwa kumvera. Zovala zotenthetsa thupi ndi magetsi zinapangidwa kuti zithetse vuto limeneli. Ndi majekete, magolovesi, mathalauza ndi masokosi amene mkati mwake munasokereredwa timawaya topyapyala totentha magetsi akamadutsamo, ndipo zambiri mwa izo zimatenga magetsi a 12 V kuchokera ku batire la njingayo.

Pa njinga yamoto yaikulu kulumikiza zovala zoterezi sikuvuta kwenikweni, chifukwa magetsi amene imapanga amatsalako ambiri. Sikuta ndi yosiyana. Injini yake ndi yaing'ono, batire lake nthawi zambiri limakhala la 4 Ah mpaka 9 Ah (Ah ndi muyezo wa moto umene batire limasunga), ndipo magetsi amene imapanga anawerengeredwa kuti akwanire nyali, hutala ndi injini, n'kutsala ochepa otchajira batire. Kuwonjezera apo, sikuta imayendera lamba wa CVT, amene amalowa m'malo mwa magiya, ndi kilatchi imene imagwira yokha injini ikathamanga, kotero batire likatha moto simungailize poikankha monga amachitira ndi njinga ya magiya, ndipo masikuta ambiri atsopano alibenso kiki. Choncho gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kuyeza, ndipo kumanga mawaya, kumene munthu angamalize madzulo amodzi, kumabwera pambuyo pake.

Yambani ndi kudziwa magetsi amene chovala chimadya

Pa kansalu ka mkati mwa chovala, kapena m'kabuku kake, pamalembedwa mphamvu yake mu ma watt kapena mu ma amp. Ziwirizi zimagwirizana mophweka: mukachulukitsa ma volt ndi ma amp mumapeza ma watt, kotero jekete la 77 W pa 12 V limakoka pafupifupi 6.4 A. Majekete ambiri a manja aatali amadya pakati pa 60 W ndi 90 W, a pachifuwa opanda manja amadya zocheperapo, magolovesi awiri pamodzi amadya pakati pa 20 W ndi 30 W, thalauza limadya 40 W mpaka 50 W, ndipo zogwirira zotenthetsa zomanga pa chiwongolero zimayandikira 50 W mukaziika pa mlingo wapamwamba. Lembani papepala zonse zimene mukufuna kuvala nthawi imodzi, n'kuziphatikiza.

Pali kanthu kena kamene anthu ambiri amakaphonya. Injini ikamalira, magetsi a pa batire sakhala 12 V, amakwera kufika pafupifupi 14 V, ndipo timawaya ta m'chovala timakoka magetsi ochuluka ma volt akakwera. Jekete lija la 77 W, ngati nambala yakeyo anaiyezera pa 12 V, pa 14 V limakoka pafupifupi 7.5 A, zimene zikupitirira 100 W. Opanga ena amalemba nambala ya pa 12 V, ena ya pa 13.8 V, choncho onetsetsani kuti nambala imene muli nayo ndi iti, ndipo ngati sanalembe, werengerani yokwera.

Onaninso ngati chovalacho chilidi cha 12 V. Pali magolovesi ndi majekete oyendera timabatire tawo ta 7.4 V, ndiponso ena a 5 V olumikiza ku USB, ndipo amenewa sayenera kulumikizidwa ku batire la sikuta mwachindunji. Kutentha kumakwera mofulumira kuposa ma volt, moti chovala cha 7.4 V chikalandira 14 V chimatentha kuposa katatu mmene chinapangidwira, ndipo chikhoza kuwotcha khungu kapena kupserera mkati.

Dziwani magetsi amene sikuta imapanga ndi amene imadya yokha

Magetsi a sikuta amapangidwa ndi stator, imene ndi makoyilo a waya okhala mkati mwa gudumu la maginito lozungulira limodzi ndi injini. Kuchokera pamenepo amapita ku rectifier, imene imawasandutsa magetsi oyenda mbali imodzi ndi kuwaletsa kupitirira mlingo woyenera batire. Popeza gudumu la maginito limazungulira ndi injini, magetsi amachuluka injini ikathamanga ndipo amachepa kwambiri sikuta ikangoima ikulira. Nambala imene imalembedwa m'buku la amakanika la sikuta yanu, mwachitsanzo 300 W pa 5,000 rpm (injini ikamazungulira ka 5,000 pa mphindi), ndi ya pamene injini ikuthamanga, ndipo pa mphambano podikira kuti mudutse mumapeza gawo chabe la nambala imeneyi. Masikuta aakulu monga Suzuki Burgman 650 ndi Yamaha TMAX amapanga ma watt mazana angapo, pamene a 50 cc ambiri safika ngakhale 100 W.

Tiyerekeze kuti buku likunena 300 W. Nyali yakutsogolo ya babu la H4 imadya 55 W, kapena 60 W mukaikweza. Nyali yakumbuyo, ya pa nambala ndi za pa mita tiziwerengere 15 W pamodzi, pampu ya mafuta ndi kompyuta ya injini ndi koyilo ya sipaki tiziike pa 70 W, fani ya rediyeta ikayamba kuzungulira 40 W, ndipo nyali ya buleki 21 W. Zonsezi zikupitirira pang'ono 200 W. Pa 100 W yotsalayo siyani 30 W yobwezera m'batire moto umene sitata inatenga poliza injini, ndipo mwatsala ndi 70 W. Pa chitsanzo ichi jekete la 77 W pa mlingo wapamwamba lapyola kale malire, koma jekete lomwelo pa theka la kutentha kwake likukwanira bwino.

Musanapitirire, fufuzani chinthu chimodzi pa masikuta aang'ono, makamaka a injini za mtundu wa GY6 ndi ena akale. Ambiri mwa iwo amayatsa nyali yakutsogolo ndi magetsi a AC, oyenda mosinthasintha mbali, ochokera ku stator mwachindunji, ndipo batire limangolandira pang'ono. Chizindikiro chake n'chakuti nyali siiyaka ndi kiyi yekha, imayaka injini ikalira, ndipo imawala kwambiri mukapotoza chogwirira cha mafuta n'kuzilala mukachisiya. Pa sikuta yotere musayembekeze zambiri: magolovesi okha mwina angatheke, koma jekete lidzamaliza batire.

Yezani ndi mita musanagule kapena kudula chilichonse

Masamu a papepala ndi ongoyerekeza, ndipo stator yokalamba kapena batire lotopa zimasintha zonse. Yankho lodalirika limachokera ku multimeter, imene ndi mita yoyezera magetsi. Iikeni pa DC 20 V (DC ndi magetsi oyenda mbali imodzi, monga a batire), waya wofiira pa mutu wa pozitivu wa batire, wakuda pa mutu wa negetivu. Sikuta itagona usiku wonse osalizidwa, batire wamba labwino limaonetsa 12.6 V mpaka 12.8 V, ndipo la lithium la mtundu wa LiFePO4 limaonetsa pafupifupi 13.2 V. Mukaona 12.2 V kapena kucheperapo pa batire wamba, litchajeni kaye n'kuyezanso mawa lake, ndipo likatsikanso lisintheni, chifukwa kuwonjezera katundu pa batire lotopa n'kungofulumizitsa tsiku limene lidzakusiyeni pa msewu.

Kenako imikani sikuta pa sitandi yapakati, panja kapena pamalo podutsa mphepo chifukwa cha utsi wa ekizozi, ndipo onetsetsani kuti tayala lakumbuyo lalendewera osakhudza pansi, popeza lidzazungulira injini ikathamanga. Lizani injini, idikireni itenthe, yatsani nyali, ndipo lembani nambala ziwiri: ya pamene injini ikungolira yokha, ndi ya pamene mwaithamangitsa kufika pa liwiro la paulendo. Sikuta yotchaja bwino imaonetsa pakati pa 13.5 V ndi 14.5 V injini ikathamanga. Ikapitirira 15 V, rectifier yawonongeka, ndipo ikapanda kufika 13 V musanawonjezere kanthu, pali vuto lofunika kukonza nkhani ya zovala isanayambe.

Tsopano wonjezerani katundu. Ngati chovala muli nacho kale, chilumikizeni kwa kanthawi kudzera pa fyuzi. Ngati simunagule, babu la galimoto la 55 W limaimira bwino chovala cha pachifuwa, ndipo mababu awiri amaimira jekete ndi magolovesi pamodzi. Babulo limatentha kwambiri m'masekondi ochepa, choncho ligonekeni pa simenti kapena pa chitsulo, kutali ndi mapulasitiki a sikuta ndi mafuta. Mukalilumikiza yang'anitsitsani mita. Pa sikuta yokhala ndi magetsi otsala, nambala imatsika pang'ono, mwina kuchoka pa 14.2 kufika pa 13.8, n'kuima pomwepo. Pa sikuta yoperewera, nambala imagwa pansi pa 13, kenako imapitiriza kutsika pang'onopang'ono, 12.6, 12.5, 12.4, ngakhale injini ikuthamanga, ndipo zimenezo zikutanthauza kuti batire ndi limene likulipira kusiyanako. Gwiraninso buleki ndi kuyatsa indiketa kuti muone mmene zimakhalira zonse zikamadya pamodzi.

Mlingo umene ine ndimautsatira ndi wakuti pa liwiro la paulendo, chovala chili choyatsa, mita isatsike pansi pa 13.2 V pa batire wamba, ndipo pa la lithium ikhale pamwamba pa 13.5 V. Kutsika kwa kanthawi sikuta itaima si vuto lalikulu ngati ulendo wanu wambiri ndi wa pa msewu wautali. Koma ngati mumayenda m'tauni, kuima ndi kunyamuka mphindi iliyonse, nambala ya injini yongolira ndi imene muyenera kuikhulupirira. Batire la 6 Ah likamataya 3 A, papepala limatha m'maola awiri, koma mphamvu yozunguza sitata imakhala itathawa kale nthawiyo isanakwane, makamaka kukazizira, pamene batire limafooka ndipo oyilo wa injini amalemera.

Zofunika kukhala nazo

Mufunika waya wa galimoto wa timinga tambiri tofewa, wofiira ndi wakuda, wa 1.5 mm² ngati katundu sapitirira 10 A, ndi wa 2.5 mm² ngati akufika 15 A. Pa miyezo ya ku America ya kukula kwa waya, yotchedwa AWG, amenewa ndi oyandikana ndi 16 ndi 14. Waya wa m'nyumba wa mtima umodzi wolimba sayenera, chifukwa amathyoka ndi kunjenjemera kwa injini. Mufunikanso chogwirira fyuzi chokhala ndi chivundikiro chotchinga madzi, mafyuzi, relay (swichi imene imatsegulidwa ndi magetsi ochepa) ya 12 V ya mapini anayi, timphete tomangira waya ku mitu ya batire, pulayazi yofinyira, tichubu ta pulasitiki tofota ndi kutentha, timalamba tomangira mawaya, ndi pulagi yogwirizana ndi chovala chanu. Zovala zambiri zimabwera ndi waya wakewake wa ku batire wokhala kale ndi fyuzi ndi pulagi yobulungira, ndipo ngati alipo gwiritsani ntchito ameneyo.

Fyuzi imateteza waya kuti asayake moto akachita shoti, choncho iyenera kukhala yopitirira pang'ono katundu wanu koma yosapitirira zimene wayayo angapirire. Magolovesi okha amafuna 3 A kapena 5 A, jekete lokha 10 A, ndipo jekete ndi magolovesi pamodzi, zimene pa 14 V zimayandikira 10 A, zingafune 15 A ndi waya wa 2.5 mm². Ngati opanga chovala anapereka mndandanda wa mafyuzi, tsatirani umenewo. Mafyuzi a mano awiri amadziwika ndi mitundu: ya 10 A ndi yofiira, ya 15 A ndi yabuluu, ya 20 A ndi yachikasu.

Kachipangizo kowongolera kutentha, kamene ambiri amakatcha controller, pa sikuta n'kofunika kuposa pa njinga yaikulu. Kamayatsa ndi kuzimitsa magetsi mosinthanasinthana, kotero mukakaika pa theka, chovala chimadya pafupifupi theka la magetsi ake mukawerengera nthawi yonse. Dziwani kuti pa kamphindi kamene kayatsa, chovala chimakoka magetsi ake onse, ndiye fyuzi ndi waya muziwerengerabe pa mlingo wathunthu.

Soketi ya m'kabokosi kakutsogolo, imene masikuta ambiri amabwera nayo, musaiganizire n'komwe. Inapangidwira kutchaja foni, nthawi zambiri imalola 1 A kapena 2 A yokha, ndipo jekete limapsereza fyuzi yake nthawi yomweyo.

Kumanga mawaya

Zimitsani kiyi n'kumuchotsa, vulani mphete ndi wotchi yachitsulo, ndipo tsegulani malo a batire, amene pa masikuta ena ali pansi popondapo mapazi, pa ena pansi pa chishalo, pa ena kuseri kwa chivundikiro chakutsogolo. Masulani mutu wa negetivu choyamba, kenako wa pozitivu. Dongosolo limeneli lili ndi chifukwa chake: chitsulo chonse cha sikuta n'cholumikizana ndi negetivu, ndiye sipanala ikakhudza pozitivu ndi chitsulo nthawi imodzi negetivu akadali womanga, pamathetheka moto wokwanira kuwotcha chala. Samalani ndi kanati kamakona anayi kamene kamakhala mkati mwa mutu wa batire, chifukwa kamagwa mosavuta n'kusowa m'mapulasitiki. Kachidutswa ka chubu kapena ka siponji mukakalowetsa pansi pake kamakakweza kuti bawuti ikafikire ngakhale mwawonjezera kamphete kena.

Njira yophweka kwambiri ndi yomanga waya wa chovala ku batire mwachindunji, wofiira ku pozitivu kudzera pa fyuzi, wakuda ku negetivu. Njirayi imagwira ntchito, koma pulagi imakhala ndi moto nthawi zonse, ndipo tsiku limene mudzazimitse injini n'kukhalabe pa chishalo mukucheza kapena kudikira munthu, jekete likhala likudya batire. Pa njinga yaikulu zimenezi zimakhululukika, koma pa batire la 6 Ah limene simungalipulumutse pokankha, ine ndimalimbikitsa kuika relay, kuti magetsi a chovala azizima okha mukazimitsa kiyi.

Relay wamba ili ndi mapini olembedwa manambala 30, 87, 85 ndi 86. Kuchokera ku pozitivu wa batire, waya wofiira apite ku fyuzi, ndipo fyuziyo ikhale pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 15, chifukwa kachigawo ka waya ka pakati pa batire ndi fyuzi kalibe chokateteza. Kuchoka pa fyuzi wayayo alowe pa pini 30. Pa pini 87 patuluke waya wofiira wopita ku pulagi ya chovala. Waya wakuda wa pulagi apite ku negetivu wa batire mwachindunji, osangomumanga pa bawuti iliyonse ya pafupi, popeza mabawuti ambiri a sikuta amagwira mapulasitiki kapena zitsulo zopaka penti. Pini 85 ipitenso ku negetivu, ndipo pini 86 ilandire waya wochepa wochokera pamalo pamene pamakhala moto kiyi akatsegulidwa pokha. Relay zina zili ndi pini yachisanu yolembedwa 87a, imene muyenera kungoisiya n'kuiphimba.

Kupeza waya wa pa kiyi ndi kumene kumafuna kuleza mtima. Koyilo ya mkati mwa relay imadya magetsi ochepa kwambiri, osafika ngakhale theka la amp, kotero mukhoza kutenga pa waya wa soketi ya foni ija, pa waya wopereka moto ku hutala, kapena pa nyali yakumbuyo ngati ili ya DC. Mwa chizolowezi, pa Honda ndi pa masikuta ambiri a GY6 waya wakuda ndi amene amakhala ndi moto wa pa kiyi ndipo wobiriwira ndi negetivu, pa Yamaha wa pa kiyi amakhala wabulauni ndipo wakuda ndi negetivu, pamene pa Suzuki wa pa kiyi amakhala waolenji. Mukuona kuti waya wakuda yemweyo ndi wa moto pa sikuta ina ndipo ndi negetivu pa ina, choncho mtundu ungokuthandizani poyambira, koma mita ndi imene itsimikize. Bwezerani batire kwa kanthawi, yezani wayayo ndipo muone 0 V kiyi ali wotseka ndi 12 V ali wotsegula, kenako masulaninso negetivu musanapitirize. Musatenge pa mawaya a kompyuta ya injini, a pampu ya mafuta kapena a mabuleki a ABS, ndipo pa sikuta ya nyali za AC musatenge pa waya wa nyali, chifukwa relay idzangonjenjemera n'kumalira.

Polumikiza, sendani waya pang'ono, mulowetse m'kamphete, finyani ndi pulayazi, kenako kokani mwamphamvu ndi dzanja. Akasololoka, yambiraninso. Kupotokola mawaya awiri ndi zala n'kukulunga tepi kumaoneka ngati kwagwira tsiku loyamba, koma malo oterowo amatentha pa 7 A, tepi imafewa, ndipo madzi amalowa. Vekani kachubu kofota pa mfundo iliyonse. Relay imangeni mapini ataloza pansi kuti madzi asadikhe mkati mwake.

Njira yodutsa waya

Pa masikuta ambiri injini, lamba ndi tayala lakumbuyo ndi chinthu chimodzi chimene chimakwera ndi kutsika pa mabampu, choncho waya asamangidwe pa injini, ndipo asadutse pakati pa injini ndi bokosi la pansi pa chishalo pamene mpata umatsekeka sikuta ikalemedwa. Tsatirani mtolo wa mawaya umene ulipo kale m'mbali mwa chitsulo cha sikuta, mangani ndi timalamba pa mtunda wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri, ndipo khalani kutali ndi ekizozi, mutu wa injini ndi paipi ya mafuta. Pamene waya akudutsa pa chibowo kapena m'mphepete mwakuthwa, muvekeni chubu.

Ndinaonapo waya amene anamutulutsira pa hinji ya chishalo. Kwa milungu ingapo zonse zinali bwino, kenako fyuzi inayamba kupsa popanda chifukwa chooneka. Titatsegula, tinapeza kuti chishalo chinkamupana nthawi iliyonse chikatsekedwa: khungu lofiira la wayayo linali litaphwatalala ngati lamba, pamalo pamodzi panali kang'alu kochepa koonetsa timinga ta kopa, ndipo pa chitsulo cha hinjiyo panali kadontho kakuda ka mwaye. Mwiniwake anali ataganiza kale zoika fyuzi yaikulu kuti isamapse, ndipo akanatero wayayo akanayaka pansi pa chishalo, pafupi ndi thanki ya mafuta. Fyuzi ikapsa kawiri, funani chifukwa chake, musakweze nambala.

Pulagi itulukire kutsogolo kwa chishalo, mbali imene waya wa jekete lanu amatulukira, imene pa majekete ambiri ndi kumanzere. Siyani utali wokwanira kuti muthe kuimirira mapazi ali pansi popanda kukoka, koma wosafika ku tayala kapena ku ekizozi pulagi ikalendewera yokha. Pulagi yobulungira ili ndi ubwino woti imasololoka yokha mukatsika mutaiwala kuchotsa, zimene aliyense amachita m'masiku oyamba, choncho musaimange ndi tepi kuti ilimbe. Pa pulagi yobulungira pozitivu amakhala pakati. Pa pulagi ya SAE ya mano awiri, mbali yochokera ku batire iyenera kukhala ndi pozitivu pa dzino lobisika m'labala, kuti dzino loonekera likakhudza chitsulo pasachitike shoti, ndipo muziyeza ndi mita mukawonjezera waya wina wapakati, chifukwa mawaya ena otero amatembenuza pozitivu ndi negetivu. Timawaya totentha sitisamala za mbali, koma controller ikhoza kupsa.

Kuyesa ndi kayendedwe ka tsiku ndi tsiku

Bwezerani batire, pozitivu choyamba, negetivu pomaliza, ndipo fyuzi ilowe zonse zitamangidwa. Kiyi ali wotseka, pa pulagi pasakhale moto. Mukatsegula kiyi mumve relay ikuti tcha, ndipo mita ionetse ma volt a batire. Lizani injini, lumikizani chovala, bwerezani kuyeza kuja, ndipo pakatha mphindi 10 khudzani chogwirira fyuzi, relay ndi mfundo zonse. Kufunda pang'ono n'kwachibadwa, koma malo otentha moti chala sichingapirire ndi mfundo yosagwira bwino. Tembenuzani chiwongolero mbali zonse ziwiri mpaka pomaliza, tsegulani ndi kutseka chishalo kangapo, ndipo khalani pa sikuta n'kuidinikiza kuti muone ngati pali pamene waya akukokeka kapena kupanika.

Ndikulimbikitsa kwambiri kumanga kamita kakang'ono koonetsa ma volt pamalo oonekera pa chiwongolero, kolumikizidwa pa pini 87 kuti kazizima ndi kiyi. Paulendo lizani injini kaye musanayatse chovala, tsitsani controller mukalowa m'misewu yodzadza, ndipo zimitsani chovala kukatsala mphindi 5 kapena 10 kuti mufike, kuti batire lidzazidwe. Masikuta amene amazimitsa injini okha akaima, monga Honda PCX, ali ndi swichi yoletsa zimenezo, ndipo muziigwiritsa ntchito nthawi yonse imene chovala chili choyatsa, apo ayi pa mphambano iliyonse batire lidzakhala likusenza lokha nyali ndi jekete, kenako n'kulizanso injini.

Kavalidwe nakonso kamapulumutsa magetsi. Jekete lotenthetsa likhale lothina pang'ono, pamwamba pa malaya amodzi opyapyala, ndipo kunja kwake kukhale chovala chotchinga mphepo, chifukwa mphepo ikamalowa imachotsa kutentha msanga kuposa mmene timawaya tingakubwezere. Musalivale pa khungu lenileni, ndipo anthu amene khungu lawo silimva bwino kutentha, monga ena odwala matenda a shuga, aziika pa mlingo wotsika, popeza kutentha kosapweteka kukhoza kuwotcha khungu kukakhalitsa. Ngati magetsi akukwanira chinthu chimodzi chokha, ganizirani kutalika kwa ulendo. Pa ulendo waufupi magolovesi amathandiza kwambiri ndipo amadya zochepa, koma pa ulendo wautali chifuwa chikazizidwa thupi limachepetsa magazi opita ku manja ndi mapazi, kotero chovala cha pachifuwa chimathandiza ndi zala zomwe.

Ngati kuyeza kwaonetsa kuti magetsi akuperewera pang'ono, pa sikuta ya nyali za DC mukhoza kupezako ma watt ena posintha mababu akumbuyo ndi a pa mita kukhala a LED. Nyali yakutsogolo ndi imene imadya kwambiri, koma kuisintha kumadalira malamulo a dziko lanu ndi mtundu wa galasi lake, ndipo kuizimitsa kuti mufunde sikoyenera n'komwe. Batire lalikulu siliwonjezera magetsi opangidwa, limangochedwetsa kutha kwake. Akaperewera kwambiri, zovala zoyendera timabatire tawo ndi zimene zikuyenerani, pamodzi ndi galasi lotchinga mphepo, zophimba manja za pa chiwongolero ndi chinsalu chofunda miyendo chimene chimamangidwa pa sikuta.

Kamodzi pa mwezi m'nyengo yozizira, yang'anani pulagi ya mawaya ochokera ku stator kupita ku rectifier, amene pa masikuta ambiri amakhala atatu achikasu. Mukaona pulasitiki yake yasanduka yabulauni kapena yayamba kusungunuka, mano ake achita dzimbiri kapena alekerera, ndipo ayenera kutsukidwa kapena kusinthidwa musanayatsenso chovala. Nyengo yozizira ikatha, chotsani fyuzi, tsekani pulagi ndi kachivundikiro kake n'kuilowetsa pansi pa chishalo, ndipo chovalacho chipachikeni pa hang'ala m'malo mochipinda, kuti timawaya ta mkati tisathyokere pa mapindiko.